DICLOFENAC: MANKHWALA OLETSA ULULU OFUNIKA KUSAMALA NAWO

Nyengo yogalauza, yopalira ndi yobandira ikafika, mabenchi a pazipatala zathu zazing'ono amadzaza ndi anthu odandaula msana, chiuno, mapewa ndi mawondo. Ena amabwera atagwira tsaya chifukwa dzino lawachezetsa usiku wonse, ena akutsimphina atabinya mwendo potsika panjinga. Ambiri mwa anthu otere amabwerera kwawo ndi kapepala ka mapiritsi otchedwa diclofenac. Akamwa, pakapita kanthawi ululu uja umazilala, munthu nayambanso kuwerama ndi kugwira khasu. Pa chifukwa ichi mbiri ya mankhwalawa yawanda m'midzi, kotero kuti ena sadikiranso kulemberedwa ndi dokotala. Amangogula pamsika kapena kupempha kwa mnansi amene adatsala nawo.

Diclofenac ndi mankhwala abwino ndithu akamwedwa ndi munthu woyenera, pa mlingo woyenera, ndiponso kwa masiku owerengeka. Koma mphamvu imene imaletsa ululu ndi yomweyonso imene imachotsa chitetezo cha chifu ndi cha impso. Ichi ndicho chifukwa chake mankhwalawa ayenera kulembedwa ndi dokotala amene wakupimani ndi kumva mbiri yanu yonse.

Kodi diclofenac ndi mankhwala otani?

Mankhwala oletsa ululu ali m'magulu atatu akuluakulu. Gulu loyamba ndi la paracetamol, amene ambirife timamudziwa ndi dzina loti panado. Gulu lachiwiri ndi la mankhwala oletsa ululu pamodzi ndi kutupa. M'banja limeneli muli asipirini, ibuprofen amene timamutcha Brufen, indomethacin amene timamutcha Indocid, ndiponso diclofenac. Gulu lachitatu ndi la mankhwala amphamvu zedi monga morphine ndi pethidine, amene amagwira ntchito mu ubongo, amapatsa tulo, ndipo munthu akawazolowera amavutika kuwaleka. Diclofenac sali m'gulu lachitatuli. Saledzeretsa ndipo sapatsa chibaba. Komabe zimenezi sizitanthauza kuti alibe choopsa.

Mankhwalawa adapangidwa ndi akatswiri a kampani ya Ciba-Geigy mumzinda wa Basel ku Switzerland, ndipo adayamba kugulitsidwa kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970 pa dzina loti Voltaren. Lero amapangidwa ndi makampani ambiri m'maiko osiyanasiyana, ndipo kampani iliyonse imalemba dzina lakelake pabokosi. Maonekedwe a mapiritsi nawonso amasiyana. Motero musadalire mtundu wa piritsi; dalirani dzina loti diclofenac lolembedwa papepala. Alipo akumwa, obaya, oika kumalo ochitira chimbudzi, ndi opaka pakhungu.

Mmene amagwirira ntchito m'thupi

Munthu akavulala kapena mfundo za mafupa zikadwala, thupi limapanga timadzi tina totchedwa prostaglandin pamalo povutikapo. Timadziti timachititsa kuti malowo atupe, atenthe ndi kupweteka. Tili ngati mthenga wokuwa mfuu pamudzi kuti anthu adziwe kuti kwagwa zovuta. M'chaka cha 1971 katswiri wina wa ku London, dzina lake John Vane, adatulukira kuti asipirini ndi abale ake amaletsa ululu poletsa thupi kupanga timadzi timeneti. Chifukwa cha ntchito imeneyi adalandira mphotho ya Nobel m'chaka cha 1982. Diclofenac amagwira ntchito m'njira yomweyo.

Tsono vuto lili apa. Ntchito ya prostaglandin si kukuwa mfuu kokha ayi. M'chifu, timadziti timachititsa kuti khoma la chifucho likutidwe ndi madzi olenda ngati therere, amene amaliteteza ku asidi wogaya chakudya. Mu impso, timatsekula timitsempha kuti magazi adutse okwanira, monga mlimi atsekulira ngalande kuti madzi alowe m'dimba. Timathandizanso kuti magazi aundane munthu akatemeka. Diclofenac sasankha. Akalowa m'magazi amaletsa ntchito zonsezi pamodzi, yoipa ndi zabwino zomwe. Mukamvetsa mfundo imeneyi, machenjezo onse otsatirawa mudzaona kuti akuchokera pa tsinde limodzi.

Mavuto amene diclofenac amathandiza

Dokotala angathe kukulemberani diclofenac pa ululu umene umabwera pamodzi ndi kutupa. Zitsanzo zake ndi nyamakazi ya m'mawondo, m'chiuno ndi m'zala. Msana wopweteka chifukwa cha ntchito yakalavulagaga. Kubinya ndi kusupuka kwa minofu. Dzino lopweteka kapena pamene dzino langozulidwa kumene. Kupweteka kwa msambo. Ndiponso ululu wa pambuyo pa opaleshoni.

Dziwani kuti pa mavuto onsewa diclofenac amangoziziritsa ululu, sachiza chimene chaubweretsa. Dzino lobowoka limakhalabe lobowoka kufikira litakonzedwa kapena kuzulidwa. Fupa lothyoka lifunika kulumikizidwa. Mankhwalawa sapha tizilombo ta malungo, ta chibayo kapena ta chifuwa chachikulu. Choopsa n'chakuti amatsitsa kutentha kwa thupi ndi kuchepetsa kuphwanya, kotero wodwala malungo angaganize kuti wachira pamene tizilombo tikuswana m'magazi mwake. Thupi likatentha, pitani mukayezetse magazi tsiku lomwelo. Chimodzimodzinso msana umene wapweteka masabata ambiri, munthu akuonda ndi kutuluka thukuta usiku, kapena miyendo ikuchita dzanzi, sufunika mapiritsi oletsa ululu koma kupimidwa bwinobwino, pakuti chifuwa chachikulu chimagwiranso mafupa a msana.

Pali ululu umodzi umene simuyenera kumwera diclofenac mwa inu nokha mpang'ono pomwe, ndiwo wa m'mimba. Ngati ululuwo ukuchokera ku chilonda cha m'chifu, mankhwalawa amakulitsa chilondacho. Ngati ukuchokera ku nthenda yofunika opaleshoni yamsanga, amabisa zizindikiro, wodwala nafika kuchipatala mochedwa. Munthu wolumidwa ndi njoka nayenso asapatsidwe diclofenac, Brufen kapena asipirini, chifukwa ululu wa njoka zina umasukulutsa magazi ndipo mankhwalawa amaonjezera kutaya magaziko.

Kamwedwe koyenera

Kawirikawiri munthu wamkulu amalemberedwa piritsi limodzi la mamiligalamu 50 kawiri kapena katatu pa tsiku. Sayenera kupitirira mamiligalamu 150 pa tsiku limodzi, ululu ungakule bwanji. Aliponso mapiritsi a mamiligalamu 100 amene amasungunuka pang'onopang'ono m'thupi. Amenewa amamwedwa kamodzi kokha pa tsiku. Kuonjezera mlingo sikuonjezera mpumulo koma ngozi. Lamulo la madokotala pa mankhwalawa n'lakuti mlingo ukhale wochepetsetsa umene ungathandize, ndipo masiku akhale ochepetsetsanso.

1. Imwani mankhwalawa mukudya kapena mutangotha kudya. Ngati nsima sinapse, phala, mbatata, nthochi kapena mkaka ndi zokwanira. Musamwe m'mimba muli zii, kenaka n'kulawirira kumunda.

2. Mezani piritsi lathunthu ndi kapu yodzaza ya madzi abwino. Musatafune, musaphwanye, musasungunule, chifukwa mapiritsi ambiri a diclofenac ali ndi chikuto chowathandiza kudutsa m'chifu asanasungunuke.

3. Talikitsani nthawi. Ngati mwauzidwa katatu pa tsiku, ndiye kuti m'mawa, masana ndi madzulo, osati mapiritsi atatu nthawi imodzi.

4. Mukaiwala kumwa, musadzamwe awiri pofuna kubwezera. Pitirizani ndi nthawi yotsatira.

5. Ululu ukatha masiku amene adakulemberani asanakwane, mungathe kuleka. Apa diclofenac akusiyana ndi mankhwala a malungo, a chifuwa chachikulu ndi ena opha tizilombo, amene ayenera kumalizidwa onse.

6. Mapiritsi akatha ululu ukadalipo, bwererani kuchipatala. Musakagule ena kuti mupitirize nokha.

Za jekeseni

Anthu ambiri amakhulupirira kuti jekeseni ndiye mankhwala enieni, ndipo ena amanyinyirika akapatsidwa mapiritsi okha. Zoona zake n'zakuti jekeseni wa diclofenac ndi mankhwala omwewo a m'piritsi. Amaperekedwa kwa munthu amene ali ndi ululu waukulu kapena amene sangathe kumeza, ndipo sapitirira masiku awiri. Popeza mankhwalawa amafika kuchifu ndi ku impso kudzera m'magazi, jekeseni angathe kuyambitsa chilonda cha m'chifu monga momwe piritsi lichitira. Oika kumalo ochitira chimbudzi nawonso ndi chimodzimodzi.

Jekeseniyu amabayidwa mozama pamnofu wa thako, pamalo ake odziwika. Anthu obaya jekeseni m'midzi popanda maphunziro amalasa mtsempha waukulu wopita kumwendo, munthu napunduka phazi, kapena amasiya chithupsa chachikulu chofunika kutumbulidwa. Singano yobayira anthu angapo imafalitsanso HIV ndi matenda a chiwindi.

Diclofenac wopaka ndiye wofatsa mwa onse, chifukwa mankhwala olowa m'magazi amakhala ochepa. Amathandiza pa bondo, pa chigongono kapena pamalo obinya. Musapake pachilonda, pakhungu losupuka kapena pafupi ndi maso, ndipo sambani m'manja mukatha kupaka.

Ngozi yoyamba: chifu

Madzi olenda oteteza chifu aja akachepa, asidi amayamba kudya khoma la chifucho. Poyamba munthu amamva chilungulira, mseru, kapena kuwotcha pansi pa chifuwa. Akapitiriza kumwa mankhwala, pamabuka chilonda. Chilondacho chikafika pamtsempha, magazi amayamba kutayikira m'kati. Nthawi zina chimaboola chifu, ndipo pamenepo moyo wa munthu umadalira opaleshoni yamsanga.

Magazi otayikira m'chifu saoneka ofiira kawirikawiri. Akadutsa m'matumbo amasanduka akuda, motero chimbudzi chimatuluka chakuda bii, chomata ngati phula la pamsewu, ndi chonunkha moposa masiku onse. Masanzi amakhala ndi magazi kapena timibulu takuda tonga mwaye wosungunulidwa m'madzi. Ngati magazi akutayika pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali, munthu amangofooka, kuchita chizungulire, mtima kugunda msanga, ndipo zikhatho ndi m'kati mwa zikope zimayera.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti chilonda chotere chingathe kukula popanda kupweteka konse, makamaka kwa okalamba, pakuti mankhwala amene akuchikumba ndi omwewo amene akuletsa ululu wake. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kunja agogo akuyenda bwino osadandaula mawondo, m'kati chifu chikudyeka.

Anthu amene ngozi iyi imawagwera msanga ndi awa: opitirira zaka 65, amene adadwalapo zilonda za m'mimba kapena kusanza magazi, akumwa mowa ndi osuta fodya, ndiponso amene akumwa prednisolone, asipirini, kapena mankhwala osungunula magazi monga warfarin. Kachasu ndi diclofenac zikakumana m'chifu chopanda chakudya zimathandizana kuononga. Anthu a m'mbali mwa nyanja ndi m'madambo amene likodzo lidawaonongera chiwindi, mimba ndi kapamba n'kutupa, ali ndi mitsempha yosachedwa kuphulika kum'mero, ndipo ayenera kuwapewa mankhwala a banja lonseli. Pamene dokotala waona kuti munthu afunikadi diclofenac ngakhale chifu chake chili pangozi, amamuonjezera mankhwala oteteza monga omeprazole. Mapiritsi oyera otafuna oziziritsa chilungulira aja saletsa chilonda kubuka.

Ngozi yachiwiri: impso

Impso ziwiri za munthu wamkulu zimasefa madzi a m'magazi okwana pafupifupi malita 180 pa tsiku, ndiye kuti ndowa 9 za malita 20. Ambiri mwa madziwa amabwerera m'magazi, ndipo zoipa zimatuluka mumkodzo. Kuti ntchitoyi itheke, magazi ayenera kufika ku impso okwanira nthawi zonse. Munthu wathanzi amene akumwa madzi bwino sakhala ndi vuto akamwa diclofenac masiku ochepa. Koma thupi likauma, impso zimadalira prostaglandin kuti ngalande zake zisatsekeke. Diclofenac akafika nthawi yotereyi amatseka ngalandezo, impso n'kuleka kugwira ntchito.

Kodi thupi limauma liti? Limauma munthu akatsekula m'mimba kapena kusanza, akadwala kolera, thupi likatentha ndi malungo, akataya magazi, ndiponso akagwira ntchito tsiku lonse padzuwa la mu Okutobala osamwa madzi okwanira. Ganizani za bambo woumba njerwa, wodula nzimbe kapena wopalasa njinga ya kabaza, amene amamwa mapiritsi m'mawa kuti athe kupirira, thukuta lili kamukamu kufikira madzulo. Munthu wotere akuika impso zake pachiswe tsiku ndi tsiku. Lamulo lake ndi ili: mukayamba kutsekula m'mimba, kusanza, kapena kulephera kudya ndi kumwa, lekani diclofenac, imwani Thanzi ORS ndi madzi ambiri, ndipo pitani kuchipatala.

Odwala shuga, odwala nthenda yothamanga magazi ndi okalamba kawirikawiri amakhala ndi impso zofooka kale iwo osadziwa. Amene akumwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi monga enalapril, kapena okodzetsa monga hydrochlorothiazide ndi furosemide, akaphatikizapo diclofenac impso zimalemedwa kwambiri. Ma ARV amene akuluakulu ambiri amamwa m'dziko muno ali ndi mankhwala otchedwa tenofovir, amene amatuluka m'thupi kudzera mu impso. Kuphatikiza tenofovir ndi diclofenac, makamaka kwa nthawi yaitali, kungathe kuvulaza impso. Musaleke ma ARV anu ngakhale tsiku limodzi. Chofunika n'kumuuza dokotala kuti mukumwa ma ARV kuti akusankhireni mankhwala oletsa ululu oyenera.

Mphamvu ya mankhwalawa pa impso idaonekera poyera ku India, Pakistan ndi Nepal. M'zaka za m'ma 1990 alimi a kumeneko ankabaya ng'ombe zodwala ndi diclofenac. Ng'ombe zikafa, miimba inkadya nyamayo, ndipo pa mitundu itatu ya miimba, yoposa 95 pa 100 iliyonse idafa. M'chaka cha 2004 akatswiri adatsimikiza kuti mbalamezi zinkafa chifukwa diclofenac wotsalira m'nyama ankaononga impso zake, ndipo mu 2006 maiko atatuwa adaletsa diclofenac wa ziweto. Impso za munthu n'zolimba kuposa za muimba, koma chiwalo chimene mankhwalawa amagunda ndi chomwecho.

Impso zikavulala msanga, kawirikawiri zimachira ngati mankhwala alekedwa ndipo wodwala wathandizidwa nthawi yabwino. Zikaferatu, munthu amafunika makina otsuka magazi kangapo pa sabata moyo wake wonse. Makina otere amapezeka m'zipatala zazikulu zowerengeka monga Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth ku Blantyre, kutali ndi midzi yathu yambiri.

Ngozi yachitatu: mtima ndi kuthamanga kwa magazi

Diclofenac amachititsa thupi kusunga mchere ndi madzi. Pa chifukwa ichi magazi amathamanga kwambiri, mapazi amatupa, ndipo mankhwala a BP amachepa mphamvu. Munthu amene mtima wake ndi wofooka amayamba kubanika, makamaka akagona chagada. Kafukufuku waonetsanso kuti kumwa diclofenac wambiri kwa nthawi yaitali kumaonjezera ngozi ya kutsekeka kwa mitsempha ya mtima ndi ya mu ubongo, kumene kumafetsa ziwalo. M'chaka cha 2013 bungwe loyang'anira mankhwala m'maiko a ku Ulaya lidalamula kuti diclofenac wakumwa ndi wobaya asaperekedwe kwa anthu odwala mtima, amene adafapo ziwalo, ndi amene mitsempha ya m'miyendo mwawo ndi yotsekeka. Ngati muli ndi BP kapena shuga, kapena mumasuta fodya, nenani musanalandire mankhwalawa.

Amayi oyembekezera, ana ndi okalamba

Msana ndi chiuno zimapweteka kawirikawiri pathupi pakakula, ndipo mayi angakopeke kumwa mapiritsi a mwamuna wake. Amayi, musatero. Diclofenac amadutsa kupita kwa mwana. Kuyambira pa masabata 20, ndiye kuti pafupifupi miyezi isanu, angathe kufooketsa impso za mwanayo, madzi amene amakhalamo m'chiberekero n'kuchepa. Bungwe la FDA la ku America lidachenjeza za ichi m'chaka cha 2020. M'miyezi itatu yomaliza mankhwalawa ndi oletsedwa, chifukwa angathe kutseka msanga mtsempha wina wa pafupi ndi mtima wa mwana umene uyenera kukhala wotsekuka kufikira atabadwa. Amachedwetsanso matenda a uchembere ndi kuonjezera kutaya magazi pobereka. Ululu uliwonse pa nthawi ya pakati kaunenereni kusikelo. Mayi amene akufuna kuima nayenso apewe kumwa mankhwalawa kawirikawiri, pakuti amatha kuchedwetsa dzira kutuluka. Mayi woyamwitsa amwe pokhapokha atalemberedwa ndi dokotala wodziwa kuti akuyamwitsa.

Piritsi la munthu wamkulu lisabenthulidwe kupatsa mwana. Mankhwala a mwana amayezedwa molingana ndi kulemera kwake, ndipo mwana wotentha thupi afunika kuyezedwa malungo. Mwana wodwala katsabola asapatsidwe mankhwala alionse a banja limeneli, chifukwa angachititse kuti zilonda za pakhungu zikule moopsa.

Okalamba ndiwo amavutika kwambiri ndi nyamakazi, komanso ndiwo amene diclofenac amawavulaza msanga. Inu ana ndi adzukulu amene muli m'tauni kapena ku Joni, kutumizira agogo mabokosi a mapiritsi oletsa ululu kuti azimwa tsiku lililonse kumaoneka ngati chikondi, koma chikondi choposa n'kuwaperekeza kuchipatala kuti akapimidwe BP, shuga ndi magazi.

Mphumu ndi kusayanjana ndi mankhwala

Anthu ena odwala mphumu amabanika koopsa akamwa diclofenac, asipirini kapena Brufen. Ena amatuluka zidzolo zoyabwa, kapena kutupa milomo, lilime ndi zikope. Ngati chimodzi mwa izi chidakuchitikiranipo mutamwa mankhwala amodzi a banjali, ndiye kuti onse a banjali ndi oletsedwa kwa inu. Pemphani kuti zimenezi zilembedwe m'buku lanu la kuchipatala, ndipo muzilitenga paliponse pamene mukukalandira chithandizo.

Musaphatikize mankhwala a banja limodzi

Pamene timayendera midzi ndi misika, timapeza anthu amene amamwa diclofenac wa kuchipatala m'mawa, Brufen wa pagolosale masana, ndi Indocid wa mnzawo usiku, poganiza kuti ndi mankhwala atatu osiyana. Kwa chifu ndi impso, amenewa ndi mankhwala amodzi omwedwa mlingo wowirikiza katatu. Ululu suchepa moposerapo, koma ngozi imakula. Mapiritsi ena a mutu ndi a chimfine ogulitsidwa m'magolosale alinso ndi asipirini m'kati mwake.

Panado ndi wa banja lina, ndipo savulaza chifu monga achitira diclofenac. N'chifukwa chake dokotala amayamba ndi panado pa ululu wambiri, makamaka kwa okalamba ndi amayi oyembekezera. Musamupeputse. Komabe nayenso ali ndi malire: munthu wamkulu asapitirire mapiritsi 8 a mamiligalamu 500 pa tsiku, chifukwa panado wochuluka amaononga chiwindi. Dziwaninso kuti pali mapiritsi ena ophatikiza diclofenac ndi paracetamol mu piritsi limodzi. Ngati simukudziwa chimene chili m'mapiritsi anu, funsani. Safunsa adadya phula.

Zizindikiro zofunika kuthamangira kuchipatala

Lekani kumwa diclofenac ndi kupita kuchipatala tsiku lomwelo, usana kapena usiku, mukaona chimodzi mwa izi:

1. Chimbudzi chakuda ngati phula kapena cha magazi.
2. Kusanza magazi kapena zinthu zakuda.
3. Kupweteka kwambiri m'mimba, mimba n'kuuma gwa.
4. Mkodzo kuchepa kapena kusatuluka konse.
5. Kutupa mapazi, miyendo kapena nkhope.
6. Kubanika, kulira m'chifuwa popuma, kapena kutupa milomo ndi lilime.
7. Kupweteka pachifuwa, kufooka mbali imodzi ya thupi, kukhota pakamwa kapena kulephera kulankhula.
8. Maso achikasu ndi mkodzo wofiirira ngati tiyi.
9. Matuza pakhungu kapena zilonda m'kamwa ndi m'maso.

Tengani mapiritsi otsalawo pamodzi ndi pepala lake kuti dokotala akaone. Musadikire kuti kuche kapena kuti tsiku la msika lifike. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Mwana kapena munthu wamkulu akamwa mapiritsi ambiri nthawi imodzi, mwangozi kapena mwadala, mutengereni kuchipatala msanga ngakhale akuoneka bwino, ndipo musamusanzitse.

Mankhwala a pamsika ndi kasungidwe kake

Diclofenac wakumwa ndi wobaya sali m'gulu la mankhwala oti azigulitsidwa pa okala, pabenchi la pamsika kapena m'chikwama cha munthu woyenda pakhomo ndi pakhomo. Bungwe la boma la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2019, ndilo limapereka chilolezo kwa ogulitsa mankhwala. Wogulitsa pamsika sadziwa za chifu chanu, impso zanu kapena pathupi panu, ndipo sangakufunseni. Mapiritsi ake amakhala padzuwa ndi pafumbi, ena adatha mphamvu, ena ndi achinyengo, ena ndi obedwa m'zipatala zimene inu nomwe mumakapezako mankhwala atatha.

Mankhwala anu musagawireko wina. Msana wa mnzanu ungapweteke mofanana ndi wanu, koma iye angakhale ndi chilonda cha m'chifu kapena pathupi posaoneka. Sungani mapiritsi m'pepala lake momwe mwalembedwa dzina ndi kamwedwe, pamalo ouma, opanda dzuwa, ndi okwera pamene ana sangafikepo. Musawasanganize ndi mankhwala ena m'botolo limodzi. Otsala ndi otha mphamvu bwezani kuchipatala.

Zouza dokotala ndi zochita panokha

Dokotala kapena namwino asanakulembereni mankhwala oletsa ululu, muuzeni zoona zokhazokha pa zinthu izi: ngati mudadwalapo zilonda za m'mimba, impso, chiwindi, mtima, BP, shuga kapena mphumu, ngati muli ndi pakati, mukukayikira, kapena mukuyamwitsa, mankhwala onse amene mukumwa, ogula ndi a zitsamba omwe, ndiponso ngati mumamwa mowa. Mzere ungatalike bwanji panja, musachite manyazi kunena zimenezi, chifukwa mayankho anu ndiwo amamuthandiza kusankha mankhwala amene sangakuvulazeni.

Pali zambirinso zimene mungachite kuti mapiritsi asafunike kawirikawiri. Ponyamula thumba la chimanga kapena la feteleza, pindani mawondo msana uli chilili, ndipo katundu wolemera nyamulani awiri. Polima, muziweramuka ndi kupuma pang'ono, ndipo tengani madzi akumwa kumunda. Pamalo pongobinya kumene ikani nsalu yonyowa ndi madzi ozizira, mangani mosathina, ndi kukweza mwendowo. Pamsana ndi pa mfundo zouma thowani ndi nsalu yofunda. Wodwala msana asagone pamphasa masiku ambiri, pakuti kuyendayenda pang'onopang'ono kumachiritsa msanga koposa kugona. Wa nyamakazi ya m'mawondo agwiritse ntchito ndodo, ndipo ngati ndi wonenepa achepetseko thupi.

Ululu ndi mthenga wotiuza kuti m'thupi muli chovuta. Diclofenac amamukhazika chete mthengayo kwa kanthawi kuti tigone tulo ndi kugwira ntchito pamene thupi likuchira, ndipo pa ntchito imeneyi ndi wothandiza kwambiri. Mumweni pamene mwalemberedwa, mutadya, pa mlingo umene mwauzidwa, kwa masiku ochepa. Ululu ukabwereranso, pitani kuchipatala kuti akafufuze chimene chikuubweretsa. Mukafika kumudzi, afotokozereni zimenezi anzanu amene sadathe kuwerenga nkhaniyi, makamaka okalamba ndi amayi oyembekezera.